Nkhuyu Zodya Ana Zipote Wamkulu Uti?

Akale anati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Pabwalo la milandu kumudzi mwambiwu unkagwira ntchito ngati lamulo. Mwana akalekerera mbuzi n'kukadya chimanga cha eni, kapena akagwidwa ndi nkhuku yakuba, amene ankakhala pansi pamaso pa nyakwawa anali mwinimbumba, ndipo chindapusa chinkachoka m'khola mwake. Komabe bwalo silinkagamula lisanafunse ngati mwanayo anachita yekha kapena panali wamkulu amene anamutuma. Womutumayo akapezeka, mlandu unkasamukira kwa iye, ndipo unkalemera kuposa poyamba. Akuluakulu ankadziwa kusiyanitsa munthu amene mwana wamupulumuka m'manja ndi munthu amene wasandutsa mwana khasu lolimira munda wake.

Malamulo a dziko la Zimbabwe nawonso amavomereza kuti wamkulu ayankhepo pa kulowerera kwa mwana. Tsoka lake, mfundoyi inamwazikana m'mabuku ambiri a malamulo, olembedwa nthawi zosiyanasiyana, ndipo kwa zaka zambiri mabukuwo akhala akutsutsana. Malamulo akamakangana okhaokha, wopindula amakhala munthu amene ali ndi ndalama zolipira loya wodziwa pamene pali chibowo. Wokodwa amakhala mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika, amene amachoka pakhomo nkhuku zisanatsike n'kubwerera kutada. Choncho ntchito yogwirizanitsa malamulowa idzakhala ndi phindu pokhapokha itabwezeretsa kusiyanitsa kumene bwalo lakale linkakudziwa, kuti wodyera pa mwana alandire chilango chachikulu, kholo lothedwa mphamvu lilandire thandizo lisanalandire chilango, ndipo mwana wotumidwayo aonedwe ngati wolakwiridwa.

Nkhaniyi ikukhudza Achewa mwachindunji. Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna ochuluka a ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete ankapita kumene ankati ku Halale, ena kudzera ku Mthandizi, ena pansi, kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu. Ambiri anachona. Zidzukulu zawo lero zili ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa ndi Epworth, kumene gule wamkulu amavinidwabe ndipo eni dziko amamutcha zvigure. Chimene sichinawoloke nawo Zambezi ndi mbumba yathunthu. Atsibweni amene akanakhala pansi pabwalo anatsala ku Dedza kapena ku Katete, ndipo udindo umene kumudzi unkagawidwa pa anthu khumi wagwera mayi mmodzi kapena agogo okalamba. M'mafulati a Matapi ku Mbare, amene anamangidwira amuna osakwatira obwera kudzagwira ntchito, tsopano mabanja athunthu amagawana chipinda chimodzi potchinga ndi nsalu. Mwana wokulira pamenepo amathera tsiku panja, ndipo panjapo ndi pamene pali ogulitsa chamba, mankhwala a chifuwa oledzeretsa otchedwa bronco, ndi mankhwala oopsa amene Azimbabwe amati mutoriro kapena guka.

Malamulo olanga wamkulu alipo ambiri ndithu. Lamulo la ana, Children's Act, limalanga munthu wolimbikitsa kapena kuphunzitsa mwana kupalamula, limalanga kholo losasamala mwana, komanso kholo lotuma mwana kukapemphetsa. Lamulo la milandu, Criminal Law (Codification and Reform) Act, limalanga wogona ndi mwana, wokopera ana ku uhule, ndi mwini nyumba wolola kuti ana azichitiridwa zimenezi pamalo pake. Lamulo la mowa limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Lamulo la ntchito limaika zaka 16 ngati msinkhu woyambira kulembedwa ntchito. Lamulo la maukwati la 2022 limalanga aliyense wokwatitsa mwana. Poziwerenga chonchi, munthu angaganize kuti mpanda ndi wolimba. Koma mpanda umayesedwa pamene pali mpata.

Mpata woyamba unali pa funso losavuta: mwana ndani? Malamulo oyendetsera dziko a 2013, mu ndime 81, anati mwana ndi mnyamata kapena mtsikana aliyense wosakwana zaka 18. Koma lamulo la ana linapitiriza kunena kuti mwana ndi wosakwana zaka 16, mpaka pamene linakonzedwa mu 2023, patatha zaka 10. Lamulo la milandu nalonso, pa nkhani zogonana, linkateteza okhawo osakwana zaka 16. Mu Januwale 2016, pa mlandu wa Mudzuru ndi Tsopodzi, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa maukwati a ana. Zotsatira zake zinali zodabwitsa: bambo wa zaka 40 sakanaloledwa kukwatira mtsikana wa zaka 16, koma akanatha kugona naye, kumupatsa mimba n'kumusiya, popanda mlandu wogona ndi mwana. Lamulo linkaletsa ukwati n'kulola chimene chimabweretsa maukwati oterowo.

Pa 24 Meyi 2022, pa mlandu wa Kawenda, khoti lomwelo linagamula kuti ndime 70, 76, 83 ndi 86 za lamulo la milandu zikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko chifukwa zikusiya kunja ana a zaka 16 ndi 17. Linapatsa Nyumba ya Malamulo miyezi 12 kuti ikonze. Miyeziyo inatha mu Meyi 2023 aphungu asanachite kanthu, ndipo ndimezo zinagwa. Malamulo okhudza kugwiririra anakhalabe, koma ndime zolanga wonyengerera mwana, womupezera amuna, ndi mwini malo ogona wotsekulira chitseko, zinalibenso mphamvu. Chigamulo chimene cholinga chake chinali kukulitsa chitetezo chinathera pochichepetsa, chifukwa cha ulesi wa oyenera kulemba lamulo. Mu Januwale 2024 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anatseka mpatawo pogwiritsa ntchito mphamvu zake zoika malamulo ongoyembekezera, amene amakhala masiku 180 okha, ndipo lamulo lokhazikika lokweza msinkhu kufika pa zaka 18 linatuluka mu Sepitembala 2024. Kuchokera mu 2013 panali patadutsa zaka 11. Mtsikana amene anali ndi zaka 7 pamene lonjezo linalembedwa anali atakula lonjezolo lisanamufike.

Mpata wachiwiri unali pa mankhwala ozunguza bongo. Mutoriro utafala m'makomboni a Harare, maloya a ogwidwa nawo anayamba kuuza makhoti kuti dzina la mankhwalawo mulibe m'ndandanda wa mankhwala oopsa, popeza ndandandayo inkatchula mankhwala ena ofanana nawo dzina. Mkanganowu unasokoneza milandu kufikira pamene boma linalemba mankhwalawo m'ndandanda momveka bwino mu Okutobala 2023. Apanso n'zoonekeratu kuti ndani anathandizidwa ndi chibowocho. Mnyamata wogwidwa ndi kapaketi pakona ya msewu ku Glen View sakhala ndi loya wodziwa kusiyanitsa mayina a mankhwala. Amene amakhala naye ndi mwini katundu.

Kumbali ya makolo zinthu n'zosiyana: malamulo amawapanikiza mbali zonse. Lamulo la ana limati kholo limene linali ndi mwayi woletsa mwana kupalamula koma silinachitepo kanthu lili ndi mlandu. Koma kanthu koyenera kuchitako n'kotani? Ndime 241 ya lamulo la milandu inalola kholo kupereka chilango chochepa cha mkwapulo. Mu 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti kumenya mwana, kusukulu ngakhale pakhomo, n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, koma ndimeyo inakhalabe m'buku. Mu 2019, pa mlandu wa Chokuramba, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa chilango cha zikoti chimene makhoti ankapereka kwa anyamata, ndipo mu 2020 lamulo la maphunziro linachiletsa m'masukulu. Kuthetsa zikoti n'koyenera, pakuti mkwapulo sunachiritsepo mwana aliyense wosuta mutoriro. Koma mayi wa ku Budiriro amene mwana wake wayamba kugulitsa ziwiya za m'nyumba ayenera kuuzidwa momveka chimene akuloledwa kuchita ndi kumene angapite. Malo a boma othandizira okodwa ndi mankhwala ndi ochepa, ndipo a eni ake amafuna madola amene iye alibe. Dziko likalanda munthu ndodo, liyenera kumupatsa china chogwira m'manja lisanamuimbe mlandu woti sanachitepo kanthu.

Chimodzimodzi pa sukulu. Lamulo la maphunziro lokonzedwa mu 2020 linati maphunziro oyambira ndi okakamiza ndipo kholo lomana mwana sukulu likhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa. Lamulo lomwelo linalonjeza maphunziro olipiridwa ndi boma, koma makolo m'makomboni akulipirabe fizi, yunifolomu ndi ndalama za mayeso. Nalonso lamulo loletsa kutuma ana kukapempha silisiyanitsa munthu wosonkhanitsa ana a eni kuti azimubweretsera ndalama madzulo ndi mayi wosaona amene mwana wake amamugwira dzanja powoloka msewu. Pamapepala onsewa ndi akulu olowereretsa ana. M'moyo weniweni mmodzi ndi fisi, winayo ndi munthu amene dziko lamusiya yekha.

Mwana naye ali pakati pa malamulo osagwirizana. Lamulo la milandu linaika zaka 7 ngati msinkhu umene mwana angayambe kuimbidwa mlandu, ndipo pakati pa zaka 7 ndi 14 amaonedwa ngati wosazindikira pokhapokha boma litatsimikiza kuti ankadziwa chimene akuchita. Bilu yoona za chilungamo cha ana, Child Justice Bill, imene inafalitsidwa mu 2021, inabwera ndi ganizo lokweza msinkhuwo kufika pa zaka 12. Ogulitsa mankhwala ndi magulu a mbava amadziwa bwino kuti mwana wamng'ono sakayikiridwa msanga ndipo akagwidwa chilango chake chimachepa, n'chifukwa chake amamutuma. Mwanayo akagwidwa, fayilo imatsekulidwa m'dzina lake, ndipo kawirikawiri imatsekedwanso m'dzina lake. Wamkulupo amakathera ku ndende ya achinyamata ya Whawha kufupi ndi Gweru, pamene womutuma uja wapeza kale mwana wina.

Pali chinthu china chimene chimapweteka kwambiri zidzukulu za machona. Malamulo onsewa aima pa msinkhu, ndipo msinkhu umatsimikizidwa ndi kalata yakubadwa. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe, amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ali opanda dziko. Ndime 43 ya malamulo a 2013 inawabwezera unzika, koma lipoti la bungwe la Amnesty International la mu 2021 linasonyeza kuti ambiri akulepherabe kupeza mapepala, ndipo kholo lopanda chiphaso limavutika kulembetsa mwana. Mtsikana wopanda kalata yakubadwa akalakwiridwa, woimbidwa mlandu amangonena kuti ankaoneka wamkulu, ndipo khoti limadalira kuyerekeza kwa dokotala. Mnyamata wopanda kalata akagwidwa akhoza kugonekedwa m'chitokosi limodzi ndi akuluakulu. Kusowa kwa pepala limodzi kumamasula wolakwa n'kumanga wolakwiridwa.

Alipo amene amati mankhwala a zonsezi ndi kukulitsa zilango, ndiponso kuti makolo a masiku ano angotayirira. Mawuwa ali ndi mbali yoona. Alipo makolo amene amagulitsa mutoriro m'nyumba momwe ana awo akugona, alipo amene amalandira ndalama kwa bambo woononga mwana wawo kuti nkhani ithere pakhomo, ndipo alipo amene amakwatitsa mtsikana kuti apeze chakudya cha mwezi umodzi. Umphawi sufafaniza milandu yotere, ndipo lamulo lowamasula onse chifukwa choti ndi makolo lingakhale lopereka ana kwa afisi a m'nyumba. Koma chilango chachikulu choikidwa pa malamulo osokonekera chimangogwera yemweyo amene ndi wosavuta kugwira. Kholo lili ndi adiresi, limabwera lokha ku polisi kudzafunsa za mwana wake, ndipo lilibe loya. Wogulitsa wamkulu alibe chimodzi mwa zitatuzi. Kumanga mayi wolera yekha ana kumasiyanso ana otsalawo m'manja mwa msewu womwewo umene unameza woyamba.

Njira yothetsera mkanganowu yaonekera kale kwa oyandikana nawo. Dziko la Zambia mu 2022 linasonkhanitsa malamulo ake a ana, amene anali obalalika kuyambira nthawi ya atsamunda, n'kupanga buku limodzi, Children's Code Act, limene linakwezanso msinkhu woimbidwira mlandu kuchoka pa zaka 8 kufika pa 12. Buku limodzi silithetsa umphawi, koma limachititsa kuti wapolisi, woweruza ndi mlangizi wa za chisamaliro cha anthu aziwerenga tanthauzo limodzi la mawu oti mwana. Zimbabwe ikufunika chimodzimodzi: chaputala chimodzi chosonkhanitsa milandu yonse ya akulu olowereretsa ana, chokhala ndi mawu omveka akuti pamene lamulo lina likutsutsana nacho, chimene chikuteteza mwana kwambiri ndicho chigwire ntchito.

M'chaputala chimenecho milandu iyenera kuikidwa m'magulu molingana ndi mtima wa wolakwayo. Pamwamba pakhale wogwiritsa ntchito mwana kuti apeze phindu, kaya ndi pa mankhwala, pa umbava kapena pa uhule, ndipo chilango chake chipose chimene akanalandira akanachita yekha mlanduwo. Pakati pakhale wodziwa koma wotseka maso chifukwa akupezapo kanthu, monga mwini shabini kapena mwini nyumba zogona alendo. Pansi pakhale kholo lolephera, limene njira yake yoyamba ikhale khoti la ana, mlangizi ndi thandizo, ndipo ndende ibwere pokhapokha litakana dala thandizo limene laperekedwadi. Lamulo lisaimbe munthu mlandu wosachita chimene analibe mphamvu yochitira.

Phunziro lina lili ku South Africa. Lamulo lawo la chilungamo cha ana la 2008, mu ndime 92, limalamula kuti pakaoneka kuti mwana anatumidwa ndi wamkulu, nkhaniyo ikanenedwe ku polisi kuti wamkuluyo afufuzidwe, ndipo kutumidwako kuganiziridwe poona mlandu wa mwanayo. Limeneli ndi funso lomwe lija la pabwalo la nyakwawa, litalembedwa m'buku. Likugwirizananso ndi pangano la 182 la bungwe la ILO la mu 1999, limene Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique anavomereza, ndipo limaika kugwiritsa ntchito ana pa malonda a mankhwala ozunguza bongo m'gulu la ntchito zoipitsitsa zogwiritsa ana. Ngati ndi choncho, mnyamata wonyamula mapaketi ku Mbare ayenera kuonedwa poyamba ngati wogwiritsidwa ntchito yoipa, ndipo fayilo yake isatsekedwe wapolisi asanalembe zimene wachita pofufuza womutuma.

Pa za msinkhu, lamulo linene kuti pamene pali chikayiko munthuyo aonedwe ngati mwana kufikira zitatsimikizika, ndipo mwana aliyense wofika ku polisi kapena ku khoti wopanda kalata yakubadwa alembetsedwe nkhani yake isanathe. Pa za kuchedwa kwa aphungu, zimene zinachitika pakati pa Meyi 2023 ndi Januwale 2024 zikhale chenjezo kwa makhoti: pothetsa ndime yoteteza ana, khoti linenenso mmene ndimeyo iwerengedwere ngati Nyumba ya Malamulo itagona, kuti ana asakhale pamtetete. Malawi asadzione ngati woonerera pankhaniyi. Malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa mu 2017 kuti mwana akhale wosakwana zaka 18, pamene lamulo la chisamaliro ndi chilungamo cha ana la 2010 linalembedwa ndi zaka 16, ndipo kugwirizanitsa malamulo enawo kunatenganso zaka. Matenda ndi amodzi kutsidya kuno ndi kutsidya uko.

Malamulo abwino amafunanso anthu owagwiritsa ntchito. Mabungwe othandizana pa maliro amene machona anayambitsa, mipingo ya Sinodi ya Harare ya CCAP, mizikiti ya Ayao ndi akuluakulu a kudambwe ndiwo atsala ngati mbumba ya ana a m'makomboni. Iwowa amadziwa khomo limene mutoriro umatulukira ndi galimoto imene imaima pafupi ndi sukulu. Ali ndi kumene angakanene: nthambi ya polisi yothandiza olakwiridwa, Victim Friendly Unit, ndi bungwe la Childline. Angathenso kuperekeza mayi wopanda chiphaso ku ofesi yolembetsa anthu n'kumuchitira umboni. Mwambo wothetsera nkhani pakhomo ndi wabwino pa mbuzi yodya chimanga, koma pa bambo woononga mwana umasanduka chophimba cha wolakwa, ndipo wolandira ndalama kuti akhale chete walowa nawo m'mlanduwo.

Zimbabwe yatseka mipata ikuluikulu iwiri, wa msinkhu ndi wa dzina la mankhwala, ngakhale mochedwa. Ntchito yotsala ndi yovutirapo chifukwa siikonzedwa posintha nambala imodzi m'buku. Ikufuna kuti aphungu agwirizane za amene ali mdani weniweni wa mwana wa ku Mufakose ndi ku Hopley, ndi kulemba lamulo limene wapolisi wa pa siteshoni yaing'ono angalimvetse popanda loya. Muyeso wa lamulo limenelo udzakhala wosavuta: pa milandu ya ana yofika kukhoti chaka chilichonse, ndi ingati imene yathera pa kumangidwa kwa wamkulu amene ankadya phindu lake. Nambala imeneyo ikadzayamba kukwera, makolo a m'makomboni adzayamba kupita okha ku polisi mopanda mantha, pakuti adzadziwa kuti akukanena mlandu wa wina, osati kukadzipereka okha.